Nyerere pa Diresi ya Atikonda

Atikonda anafa Loweruka masana anthu mazana awiri akumuwombera m'manja. Inenso ndinawomba nawo, ndisaname. Ndinali kuseri kwa nsalu, mapini ali pakamwa, ndipo mumtima ndinati mwana uyu ndi wamwano koma kufa amakutha.

Ndine Winnie, telala wa ku Nancholi. Kuimba sinditha, mawu angawa ndi oitanira nkhuku basi. Koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkasokera zovala gulu la amuna anga, a Vitalis, lochita opera. Mukafuna kuseka sekani, inenso poyamba ndinkaseka. Ndi sewero loti munthu sayankhula, zonse amaimba. Kupempha madzi kuimba, kutukwana kuimba, ngakhale kufa amafa akuimba. A Vitalis anaphunzira zimenezi kwa wansembe wina wachitaliyana ku Kelimane, ku Mozambique, kwawo kwa makolo awo, ndipo atabwerera kuno anasonkhanitsa ana a m'makwaya a ku Chilomoni, Ndirande ndi Bangwe n'kuwaphunzitsa kukuwa mwaulemu. Tinkaonetsa m'kaholo kena kakale ku Sunnyside, nthawi zonse masana, kuti anthu apeze maminibasi kusanade.

Sewero la chaka chimenecho linali la mitala. Kumapeto kwake mkazi wamkulu amapatsa wamng'ono chikho cha poizoni. Mkazi wamng'ono anali Atikonda. Wamkulu, wopereka chikhoyo, anali Sungeni, mng'ono wanga, yemwe ndinamutenga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi mayi athu atamwalira. Anakulira m'nyumba mwanga limodzi ndi mwana wathu Ulemu, ndipo kuimba anamuphunzitsa ndi a Vitalis omwewo. Pakamwa ankati alamu, koma mumtima ankawatenga ngati bambo ake.

Sungeni ndi Atikonda sankamwerana madzi. Aliyense ankafuna kukhala wakufayo, chifukwa mu opera wakufa ndi amene amatenga nyimbo zokoma. Kutangotsala sabata kuti tionetse anagwirana mawigi pamaso pa gulu lonse, Sungeni n'kunena kuti, “Iwe tsiku lina udzafa zenizeni pasiteji pomwepa.” Pakamwa pa kwathu ndi potero, tinatengera mayi.

A Vitalis anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalilalikira kuposa malamulo khumi aja. Wakufa sakhudzidwa, wakufa sayang'anidwa, mpaka nsalu itatsekedwa. Chaka china mnyamata wina anaseka ataona wakufa akudzikanda, ndipo anamuthamangitsa tsiku lomwelo. Ndiye ana aja anazolowera kuimba maso ali kudenga, kaya pansipo pakuchitika zotani.

Tsiku lija, pa nthawi yopuma, ndinaima pakhomo pa kachipinda kovalira ka Atikonda, diresi yoyera ili pamkono. Ankayenera kuvula yobiriwira n'kuvala yoyera yofera nayo. Ndinagogoda.

“Dikirani pang'ono, mayi a Ulemu,” anatero a Vitalis m'katimo. “Tikukonza mawu.”

Ndinadikira, monga ndinkachitira Loweruka lililonse. Atatuluka ndinalowa, n'kupeza Atikonda akupukuta pakamwa ndi kolala ya diresi yobiriwira ija.

“Iwe, imeneyo ndi mpango wako?” ndinamukalipira. “Ukudziwa kuti ndinaisoka masiku angati?”

Iye atelala sankatiwerengera. Ndinamuvula, n'kuponya diresiyo m'thumba la zochapa, n'kumuveka yoyera.

Gawo lomaliza litayamba, thukuta linali kamukamu pankhope pake ndipo mawu ankanjenjemera. Anthu anangoti zii, kukoma kwake. Sungeni anamupatsa chikho, iye n'kuchiika pamlomo, n'kugwa. Anaphupha, miyendo ikumenya matabwa, thovu lili kukamwa, ndipo mayi wina kutsogolo anaimirira n'kululuta. Kenako gulu linamuzungulira kuimba nyimbo ya maliro, maso kudenga. Nyimboyo imatenga mphindi khumi. Tsiku limenelo a Vitalis, ali pa kiyibodi, anaikoka pang'onopang'ono n'kubwerezanso ndime yomaliza.

Chikho chija chinagubuduka mpaka pamapazi anga. Ndinachitola, ndipo nditaona lipisitiki m'mphepete ndinapita pampopi wa kuseri n'kuchitsuka ndi sopo. Ine ndine munthu woti sindigona mbale ili yakuda. Ndinachipukuta bwinobwino n'kuchiika m'katoni.

Nsalu itatsekedwa Atikonda sanadzuke. Anamunyamula, anafika naye kuchipatala atazizira kale, ndipo madokotala anati ndi tameki, mankhwala a makoswe aja.

Apolisi anabwera anthu asanabalalike. Wamkulu wawo anali bambo wina wofatsa, a Raphael. Sanavutike kufunsa zambiri, anthu mazana awiri anaona amene anapereka chikho, ndipo gulu lonse linakumbukira mawu a Sungeni aja.

“Chikhocho chili kuti?” anandifunsa a Raphael.

“Ndatsuka.”

“Mwatsuka. Inu ndi ndani wake wa mtsikanayu?”

“Ndine mkulu wake. Koma bwana, m'chikhomo simukhala kanthu. Woimba sangameze madzi ali pakati pa nyimbo, angatsamwe. Amangochiika pamlomo basi. Chinali chouma.”

“Nanga chikho chouma munachitsukiranji, mayi?”

Ndinati lipisitiki. Iwo analemba m'kabuku kawo, ndipo momwe ankalembera ndinadziwa kuti ndamumangitsa mwana wa mayi anga ndi sopo wanga yemwe. Chikho chija chikanakhala chosatsuka akanachiyeza n'kupeza kuti mulibe kanthu. Anamutenga Sungeni atavala chovala cha sewero chomwecho, nsapato alibe.

Sindinalire. Ndikunena poyera, kuyambira tsiku limenelo mumtima mwanga munangoti zii, ngati mwendo woti wakhalira nthawi yaitali. Kumaliro ku Chilomoni amayi ankadzigwetsa pansi, ine n'kumayang'ana nsalu ya m'bokosi kuti aisoka mokhota. A Vitalis anatsogolera kwaya misozi ili mbwembwembwe, mpaka azibambo awiri anachita kuwagwira. Anthu ankandiyang'ana n'kumanong'onezana kuti mkulu wa wakupha uja ndi uyu, wouma mtima chomwechi. Ndinkawamva, koma sizinkandilowa.

Tsiku lililonse tinkamupititsira Sungeni chakudya kupolisi. A Vitalis ankagwira zitsulo za pachitseko n'kumupempherera m'Chipwitikizi, iye akulira.

“Achemwali,” anatero Sungeni Lachitatu, “inu mukudziwa kuti munalibe kanthu m'chikhomo.”

“Ndikudziwa.”

“Nanga munatsukiranji?”

Ndinamuuza kuti adye mpunga usanazizire. Anali atayamba kutsokomola, ndipo anati posachedwa amutumiza kundende kukadikira mlandu. Mlandu wakupha munthu amaudikira zaka, zimenezo aliyense amadziwa.

Chinthu chimodzi chinkandizungulira m'mutu ndikamasoka pa makina. Oimba samalandira chakumwa m'manja mwa mnzawo, amaopa kuwatsekera mawu. Onse ndi otero, ngakhale opita kumisa m'mawa uliwonse. Koma Atikonda ankanyanya. Anali ndi fulasiki yake yomwe ankayenda nayo mpaka kuchimbudzi, ndipo tsiku lina anakana botolo la madzi losatsegula chifukwa linadutsa m'manja mwanga. Fulasikiyo apolisi anaiyeza, inali bwinobwino. Nanga munthu wotere tameki anamulowa bwanji? Panali munthu amene Atikonda ankamutsegulira pakamwa osaopa.

Ndinkadziwanso china. Diresi yobiriwira ija ndinaikulitsa m'chiuno kawiri m'miyezi iwiri. Ife atelala mimba timaidziwa mwini wake asanauze amake, tepi sinama, koma pakamwa timatseka. Mwini mimbayo sindinamufunse, sizinkandikhudza.

Lachinayi m'mawa magetsi anathima, makina anaima, ndiye ndinati bola ndichape zovala za sewero zija. A Vitalis anali atapita kutauni. Ndinatunga madzi m'beseni, n'kukhuthula thumba pakhonde.

Pakolala ya diresi yobiriwira panali nyerere. Zambiri, mulu ndithu, koma palibe ndi imodzi yomwe inkayenda. Ndinazikhudza ndi chala, zinayoyoka. Pansi pake nsalu inali yomata, ndipo nditanunkhiza ndinamva uchi. Mu uchi umenewo munali timbewu takuda ting'onoting'ono ngati ta bonongwe. Aliyense amene anaphapo makoswe mu Nancholi muno amatidziwa timeneti.

Ndinakhala pansi pa simenti. Diresi imeneyi Atikonda anaivula nthawi yopuma, Sungeni asanagwire n'komwe chikho. Ndiye kuti poizoni anamudya m'kachipinda kaja, ine nditaima pakhomo ngati chitsiru, diresi yoyera ili pamkono.

Ndinalowa m'nyumba n'kutsegula kabati. Botolo la uchi wa ku Milanje, kutsidya kwa malire ku Mozambique, womwe msuweni wa a Vitalis amatibweretsera, linali litatsika kwambiri chiyambire Pasaka. Ankati akumwera chifuwa, koma chifuwacho sindinachimvepo. Ndinawerenga masupuni athu a paukwati, a duwa kuchogwirira. Analipo asanu m'malo mwa asanu ndi imodzi.

Jekete yakuda yomwe amavala poimba inali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Lamlungu anandiuza kuti, “Imeneyi musachape, sinade.” Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tili pabanja, munthuyu anali asanandiuzepo kanthu za kuchapa. Jeketeyo ndinasoka ndine, thumba lam'kati ndinalikulitsa dala kuti muzilowa mapepala a nyimbo. Ndinapisa dzanja. Munali mpango wokulunga, womata, m'kati mwake supuni ya duwa, ndipo m'makwinya a mpangowo nyerere zakufa.

Abale inu, mwamuna woti chibadwire sanatsukepo supuni. Anapha munthu mwaluso chonchija, anthu mazana awiri akuonerera, koma supuni yakuda inamukanika chochita nayo.

Ndinatuluka nazo zonse ziwiri, diresi ndi jekete, n'kuima pa beseni. Sopo anali pomwepo. Manja angawa ankafuna okha, mphindi zisanu zikanakwana. Ndikanachapa, a Vitalis akanapitiriza kukhala amuna anga, Ulemu akanabwera ku holide kuchokera kusukulu n'kupeza bambo ake pampando wawo, ndipo anthu a kutchalitchi sakanadziwa kuti ndinkaimirira pakhomo kulondera chibwenzi cha amuna anga. Sungeni yekha ndi amene akanaolera kundende. Ndinaganiza zonsezi bwinobwino, mmene ndimaganizira poyeza nsalu, ndipo sindinamve kupweteka kapena mkwiyo. Ndinangomva dzuwa likundiotcha pakhosi.

Madzi aja ndinakathira pa tomato. Diresi, jekete ndi supuni ndinaziika m'jumbo, n'kukasiya kwa aneba, kuwauza kuti ndi zovala za kasitomala.

Koma ndinkafuna ndione ndi maso anga. A Vitalis anafika cha m'ma folo koloko, atatopa, akuti achokera kwa Sungeni.

“Mwana uja akutha,” anatero akuvula nsapato. “Tiyenera kulimbika m'mapemphero.”

Ndinawapangira tiyi pa mbaula. Ndinatenga supuni ina ya duwa m'kabati, yoyera bwinobwino, n'kutunga uchi wa m'botolo, n'kuisiya m'kapu momwemo. Ndinawaikira patebulo.

“Supuni yathu inasowa ija ndaipeza,” ndinatero. “Inali m'jekete mwanu. Inali ndi uchi kale, ndiye ndangotakasira womwewo, uchi ndi wosataya.”

Kapu inali itafika kale pachibwano. Inaima pomwepo.

“Imwani, bambo a Ulemu. Azizira.”

Anayang'ana tiyi, anayang'ana ine. Anachotsa kapu pachibwano. Anaiika pansi pang'onopang'ono n'kuikankhira kutali.

“Mayi a Ulemu,” anatero.

“Ndili pano.”

“Atikonda anati akuuzani inu za mimba. Anati akauzanso abambo mfumu, alengeza pasiteji pomwepo tsiku lomaliza. Gulu likanatha, zonse zimene ndamanga zaka zonsezi. Inunso mukanachita manyazi.”

“Ndiye munandichitira ine chifundo eti? Zikomo kwambiri.”

“Sindinkaganiza bwino. Satana…”

“Satana musiyeni, ali ndi milandu yake. Nyimbo ya maliro ija munabwereza ndime ndinu. Mwana wa eni ake akuphupha pansi, inu n'kumakoka nyimbo kuti asamupeze msanga.” Ndinkayankhula ngati ndikuuza kasitomala tsiku lodzatenga malaya. “Nanga Sungeni?”

“Sindinkadziwa kuti agwira iye. Chikho chinali chouma, akanachiyeza n'kumusiya. Ndinu amene munatsuka.”

Apo ananena zoona, ndipo sindinatsutse.

“Masiku asanu mwakhala mukumupempherera pazitsulo paja,” ndinatero. “Amakuyang'anani ngati bambo ake.”

Anayamba kulira, kulira komwe kuja kwa kumaliro. Ine ndinaona kuti batani lachiwiri la malaya awo latsala pang'ono kuthothoka. Ndinadzifunsa ngati ndili ndi ulusi wa mtundu umenewo, kenako ndinakumbuka kuti si ntchito yanganso.

Ndinamanga chitenje n'kutenga kachikwama.

“Mukupita kuti?”

“Kukagula ulusi.”

Sanadzuke. Tonse tinkadziwa kuti ulusi ndili nawo wodzaza chitini.

Ndinadzera kwa aneba kukatenga jumbo ija, ndipo m'minibasi ndinakhala ili pamiyendo. Pa Ginnery Corner kondakitala anati, “Mami, katunduyo tiike kumbuyo.” Ndinamuuza kuti akaike amake kumbuyoko, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke.

Kupolisi a Raphael anatsegula jumbo ndi nsonga ya cholembera. Anayang'ana nyerere zija nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

“Izi simunachape, mayi?”

“Ayi bwana. N'koyamba.”

“Jeketeyi ndi ya ndani?”

Ndinatchula dzina lonse, ndi la bambo awo lomwe, ngati mmene ndinalitchulira kutchalitchi tsiku la ukwati.

Apolisi anakawapeza a Vitalis atakhala pampando womwe uja, opanda nsapato. A Raphael anandiuza pambuyo pake kuti kapu ya tiyi inali pomwepo, nyerere zitaizungulira, zamoyo, zikungoyendayenda. Akuti a Vitalis ankangoziyang'ana, ndipo sanavute powamanga.

Sungeni anamutulutsa Loweruka m'mawa zoyeza zitabwera. Palibe amene anamuuza chifukwa chake. Ndinamudikirira panja, nsapato zake zili m'manja mwanga. Anatuluka akuphethira ndi dzuwa, ataonda, atavalanso chovala cha sewero chija chifukwa zovala zimene ndinamupititsira anagawira anzake a m'katimo. Anandikumbatira, akununkha thukuta ndi chinyezi, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga, uku ndi uku.

“Alamu sanabwere? Ndinadziwa ine kuti mapemphero awo aja sangapite pachabe. Ali kuti?”

“Vala nsapato,” ndinatero.

“Achemwali, alamu ali kuti?”

“Ali m'katimo. Alowa mmene watuluka iwemo.”

Anaima nsapato imodzi ili kuphazi, ina m'manja. Ndinadikira kuti mwina tsopano ndilira, poti mwana wa mayi anga ndi uyu watuluka, ndipo amuna anga ndawapereka ndi manja angawa. Misozi sinabwere.

Ndinagwada pa fumbi pomwepo n'kumuveka nsapato inayo. Mpendero wa chovala chake unali utasomoka kumbuyo konse, ukukwekwereza pansi. Ndinachotsa pini pa bulauzi yanga n'kuugwiriza, ndipo ndinamuuza kuti ndikasoka tikafika kunyumba.